ZA KAMWANA KOYAMBA KULANKHULA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa atate ndi amai

Mau athu a lero sali a cinthu ca kutali, koma a cinthu ciri pamsana pa amai ambiri muno. Ena a iwo amene tidzanena za iwo agona tulo m'mbereko tsopano lino. Ena akwawa pansi pa mipando. Ndipo mmodzi timumva alikutsutsana nafe kumbuyoko ndi liu lalikuru. Musamturutse kunja, mlekeni, pakuti iye ndiye mutu wa nkhani yathu.

M'nyumba mwathu muli mwana wamkazi wa zaka 2 ndi miyezi 8. Dzana lomweli, monga tiyesa ife, anali khanda losadziwa kanthu koma kulira ndi kuyamwa. Koma tsiku lina, italeka mvula ya madzulo, anaima pakhonde, nayang'ana kumwamba kanthawi, natembenuka, nati, "Atate, mvula yapita kukagona kuti?" Tinasowa poyambira. M'mau asanu amenewo munali zinthu zitatu zimene palibe mmodzi wa ife anamkhazika pansi kumphunzitsa. Anadziwa kulumikiza mau ace, pakuti sanati mvula wapita, koma mvula yapita. Anakumbukira kuti cinthu cosowa madzulo, kapena nkhuku kapena mbuzi, capita kukagona. Ndipo anafuna kudziwa. Za zitatuzi tidzanena, lilime, cikumbukiro ndi mafunso; ndipo potsiriza tidzawerengerana mangawa amene tiri nao kwa ana otere.

I. Za lilime

Ambiri tiyesa kuti mwana ayamba kuphunzira cinenero tsiku limene achula liu lace loyamba. Iai, nchitoyo inayamba kale, asanaone dzuwa. M'miyezi 3 yotsiriza ya pakati makutu a mwana amva ndithu, ndipo liu limfika koposa onse ndilo la amace, popeza liyenda m'thupi momwemo. M'caka ca 1980 ofufuza awiri a ku America, Anthony DeCasper ndi William Fifer, anayesa makanda osapitirira masiku 3. Anawapatsa nsonga yoyamwa yolumikizidwa ku makina, kotero kuti poyamwa mwa njira yina khanda linamva liu la amace, ndi poyamwa mwa njira yinzace linamva liu la mkazi wacilendo. Ndipo makanda ocuruka anasintha mayamwidwe ao kuti amve amao. Taonani, munthu wosakhoza kudzutsa mutu wace adziwa kale liu la mwini wace, nalifuna.

Ndiponso khanda libadwa lokonzekera zinenero zonse za pansi pano. M'caka ca 1984 Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anaonetsa kuti ana a miyezi 6 kufikira 8, obadwa m'nyumba zolankhula Cingerezi, anasiyanitsa mamvekedwe ena a Cihindi amene akuru a mtundu wao sakhoza kuwasiyanitsa. Koma pofika miyezi 10 kufikira 12 ambiri analeka. Kodi ndiko kutaya? Iai, ndiko kupatulira. Monga mlimi azula mmera wina paphando kuti wotsalawo ukule ndi mphamvu, momwemo khutu la mwana lisiya mamvekedwe amene silimva pakhomo, kuti ligwiritse a kwao. Cotero mwana wa kuno asunga kusiyana kwa pala ndi phala, kwa kola ndi khola, kumene kubvuta alendo ambiri.

Kuyambira miyezi ngati 6 ayamba kusewera ndi milomo, ba-ba-ba, da-da-da, monga woomba ng'oma ayesa cikopa gule asanayambe. M'caka ca 1991 Laura Petitto anaonetsa kuti ana ogontha, obadwa kwa makolo ogontha olankhula ndi manja, acita comweco ndi zala zao. Njala ya kulankhula siiri m'kamwa mokha. Pakamwa pakatsekeka, ituruka ndi m'manja.

Pa caka cimodzi, kapena pafupi pamenepo, lifika liu loyamba. Charles Darwin, wanzeru wa ku England, analemba za makulidwe a mwana wace woyamba, wobadwa m'caka ca 1839, nafalitsa zolembazo m'caka ca 1877. Ndipo anaona kuti pa caka cimodzi mwanayo anadzipangira yekha liu lochulira cakudya, ndilo mum. Tinaseka pakumva ici, cifukwa wathunso, monga ana ambiri a kuno, anaicha nsima mama. Pa miyezi 18 ana ambiri ali nao mau ngati 50, ndipo poyandikira zaka 2 ayamba kumanga awiri pamodzi, "garu uko," "phala ai," "atate bwera." Ulemu wakuti bwerani udza m'mbuyo.

Tsiku lina wathu anadza alikulira, nati, "Sopo walowa m'madiso." Akuru ace anagwa nako kuseka. Koma lingalirani: liu limenelo analimva kwa yani? Palibe munthu m'mudzi mwathu anena madiso. Tonse titi maso. Iye anamva kuti dengu likacuruka liri madengu, buku mabuku, gule magule. Napeza lamulo yekha, nalifikitsa kumene ife sitilifikitsa. Cinkhwe cibwereza cimene camva. Munthu apanga cimene sanamve. Umboni wa ici unaoneka m'caka ca 1958, pamene Jean Berko wa ku America anajambula kanyama kosakhalako, nakapatsa dzina lopeka lakuti wug, naonetsa ana a zaka 4 kufikira 7 tiwiri ta mtundu womwewo. Ndipo anawo anacurukitsa dzinalo monga mwa lamulo la Cingerezi, lingakhale sanalimva ndi kale lonse.

Ndipo taonani kulemera kwa katundu wa cinenero cathu. Titi, mwana wanga wagwa, cikho canga cagwa, dengu langa lagwa, mbale zanga zagwa, kampeni kanga kagwa. Mlendo wa kutsidya kwa nyanja aturuka thukuta zaka, buku liri m'manja, asanakhoze kugwirizanitsa mau otere. Koma Katherine Demuth, amene kuyambira 1980 anakhala m'mapiri a ku Lesotho kumvetsera ana olankhula Sesotho, cinenero cacibale ndi cathu, anapeza kuti pofika zaka ngati 3 ana agwirizanitsa mau ao bwino lomwe. Pamwamba pa ici pali kukwera ndi kutsika kwa liu, kumene kusiyanitsa mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika. Ndipo kwathu kuno Moira Chimombo ndi Al Mtenje analemba m'caka ca 1989 za umo ana a Cicewa aphunzirira kukana, kumene kufuna kuti mau ndi kukwera kwa liu ziyendere pamodzi. Katundu yenseyu amsenza munthu wosadziwa kumanga nsaru yace.

II. Za cikumbukiro

M'nyengo ya masika tinamuka naye kumudzi kwa agogo ace, ndipo kumeneko mbuzi inatafuna mlomo wa cipewa cathu, cimene tinacisiya pa mtondo. Tinaseka, ndipo sitinanenanso za ici. Itapita miyezi 4 tinapitirira pa msika, pamene panali mbuzi zomangidwa pa zikhomo, ndipo mwanayo, ali pamsana pa amace, anapfuula nati, "Atate, gwirani cipewa, mbuzi!" Ife tinali titaiwala, iye anasunga.

Kale anthu anayesa kuti mutu wa khanda uli ngati licero lotungira madzi. Koma Carolyn Rovee-Collier wa ku America, kuyambira caka ca 1969, anamanga kacingwe ku mwendo wa khanda ndi ku tinthu tolendewera pamwamba pace. Ndipo khanda linaphunzira msanga kuti popalasa mwendo tinthuto tigwedezeka. La miyezi 3 linakumbukira ici itapita sabata. La miyezi 6, atapita masabata 2. Cikumbukiro cikula pamodzi ndi thupi, ndipo akafika mau cipeza zotengera zosungiramo.

Koma pali cozizwitsa cina. Funsani yense wa ife cinthu coyamba cimene akumbukira. Ambiri sabwerera kupitirira zaka 3, kapena 3 ndi theka. Mwana wathuyu adzaiwala mbuzi ija, adzaiwala cipewa, adzaiwala khonde ndi mvula yomwe. Kodi tsono masiku awa apita cabe? Kumbani pansi pa phesi lokhwima, kufuna mbeu imene munabzala. Simudzaipeza, pakuti inatha. Koma phesi lonse ndi cimanga cace zinaturuka mwa iyo. Palibe wa ife akumbukira tsiku limene anaphunzira liu lakuti madzi, koma tonse tilichula. Momwemonso mwana adzaiwala masikuwo, koma adzatsala naco cimene masikuwo anamphunzitsa: ngati pakulankhula iye panali womumvera, kapena panalibe.

Tiulule tsopano cimene citicititsa manyazi. Tsiku lina tinabwera kunyumba otopa, ndipo mwanayo anatizinga ndi mau ace osatha, ndipo tinamuingitsa ndi liu laukali, tinati, "Coka apa, wandisokosa!" Anacoka ali duu. M'mawa mwace tinampeza kuseri kwa nkhokwe, atabereka citsononkho ca cimanga ndi kansaru. Anacitsitsa, nacikhazika pansi, naciloza ndi cala, nati ndi liu lathu lomwe, ndi tsinya lathu lomwe, "Coka apa, wandisokosa!" Amai ace anatiyang'ana osanena kanthu, ndipo ife tinayang'ana pansi. Abale, khutu lomwelo limene litola madzi ndi mvula ndi agogo, litolanso mwano, silisankha ai. Tiri kulemba pa dothi lalifewa, ndipo dothilo lidzauma.

III. Za mafunso

Ici nciani? Uyo apita kuti? Cifukwa ninji? Inu amai mudziwa kucuruka kwace kwa mafunso awa koposa ife. Michelle Chouinard wa ku California, m'caka ca 2007, anawerenga mafunso a ana 4 m'zolankhula zao za maora oposa 200, napeza kuti pokhala ndi munthu wamkuru mwana anafunsa koposa ka 100 pa ora limodzi. Ndipo ocuruka a mafunsowo anali a kufuna kudziwa kanthu, si a kupempha cabe. Poyamba mwana afunsa maina a zinthu. Pambuyo pace, poyandikira zaka 3, afunsa zifukwa zace. M'caka ca 2009 ofufuza ena a ku Michigan anaonanso ici: mwana akapatsidwa cifukwa ceniceni, abvomera, kapena afunsa cina cotsatapo, koma akapatsidwa mau opanda cifukwa, abwereza funso lomwelo, kapena apeka yankho lace. Potero, mwana akatifunsa cinthu cimodzi kasanu, kapena si iye wosamva. Kapena ndife sitinayankhe.

Makolo athu anati, Safunsa anadya phula. Mwambi uwu tiuchula kwa mnyamata wa zaka 15 amene wasokera njira. Koma pokhala iye wa zaka 3 tinati, Khala cete, ufunsa ngati wapolisi. Tithyola nsonga ya mmera, ndipo zitapita zaka tidandaula kuti mtengo sukwera. Aphunzitsi alira kuti ana akhala m'sukulu ngati miyala, osakweza dzanja. Koma dzanja limenelo linatsitsidwa kale pakhomo. Si kuti tikana ulemu ai. Mwana aphunzire ndithu kudikira akuru akalankhulana, aphunzire kugwada ndi kulandira ndi manja awiri. Koma kuti, Dikira, ndidzakuyankha, ndi kwina. Kuti, Usafunse, ndi kwinanso. Loyambalo liphunzitsa mwambo. Laciwirilo lizima moto.

IV. Za mangawa athu

Wina adzati, Ndidzampatsa foni kapena kumkhazika pa kanema. M'menemo muli mau ocuruka koposa anga. Imvani tsono. M'caka ca 2003 Patricia Kuhl ndi anzace ku Seattle anatenga ana a miyezi 9 a m'nyumba zolankhula Cingerezi, nawakhazika ka 12 ndi anthu olankhula Cimandarini ca ku China, amene anasewera nao ndi kuwaonetsa mabuku. Ndipo anawo anagwira mamvekedwe a cinenero cimeneco. Ana ena anaona anthu omwewo pa kanema, alikunena zomwezo, ndipo sanatolapo kanthu. Pakuti kanema sayang'ana kumene mwana ayang'ana, ndipo sadikira kuti mwana ayankhe. Cifukwa cace bungwe la zaumoyo la maiko onse, World Health Organization, linalangiza m'caka ca 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asakhazikidwe pa kanema, ndi kuti wa zaka 2 kufikira 4 asapitirire ora limodzi pa tsiku.

Wina adzatinso, Izi nza olemera. Ife tiri ndi khasu ndi mtondo ndi nkhuni, nthawi yoceza ndi khanda tiipeza kuti? Imvani za anthu osauka. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, m'zaka za 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzace anasonkhanitsa ana opinimbira a m'mabanja osowa, a miyezi 9 kufikira 24. M'nyumba zina munafika wa zaumoyo kamodzi pa sabata, zaka 2, kuphunzitsa amai kusewera ndi kuceza ndi mwana, ndi zoseweretsa zopangidwa ndi zinthu za pakhomo. Zitapita zaka 20 anawalondola anawo ali akuru, napeza kuti aja anacezedwa analandira malipiro oposa a anzao osacezedwa ndi gawo limodzi la magawo 4. Ici citikhudza ife, pakuti kalembera wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti m'Malawi ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. Phala likhale phala, ndi nsinjiro zace. Kuceza sikulowa m'malo mwa cakudya. Koma mwana ali nazo njala ziwiri, ndipo cakudya ca njala yaciwiriyo sicigulidwa pa msika.

Ndipo m'cinthu ici sitiri osauka monga tiyesa. Mwana wa kwathu sasiyidwa yekha m'cipinda. Ali pamsana, namuka kudimba, kucigayo, kumjigo ndi kumsika, naona dziko ali pa msinkhu wa amace. Aphunzira zambiri pakumvera akuru alikuceza, ndi kwa akuru ace pabwalo. Tiri nao agogo a nthano ndi zirapi. Ndipo ponena agogo, Padangotero, ana nabvomera, Tiri tonse, kamwana kaphunzira kuti kulankhula ndi nchito ya awiri. Cotisowa si cuma, koma kutembenuza khosi. Cifukwa cace tikupemphani zinthu zisanu.

Coyamba, chulani zimene mucita. Popeta nenani kuti mupeta, pobvundula nsima nenani kuti mubvundula. Mwana akaloza cinthu, cipatseni dzina. Ici sicicedwetsa nchito.

Caciwiri, yankhani. Likakulakani funso, nenani, Tiye tikafunse agogo. Potero aphunzira kuti akurunso afunsa. Koma musamnamize, kapena kumuopsa ndi fisi ndi jekeseni. Pakuti iye akhulupirira mau anu onse, ndipo tsiku lodwala adzaopa womciritsa.

Cacitatu, akaphonya musamseke. Akati madiso, inu muti, Inde, sopo walowa m'maso, bwera ndikutsuke. Adzaongola yekha.

Cacinai, lankhulani naye cinenero ca mumtima mwanu. Mwana akhoza kusenza ziwiri kapena zitatu, Ciyao ca amai, Citumbuka ca atate, Cicewa ca pabwalo. Ndipo akazisakaniza poyamba, sikuti wasokonezeka. Auzeninso abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku London, kuti Cingerezi mwana adzacipeza kunja, koma ca kwao adzacipeza pakamwa pao pokha. Kuti angadzakhale agogo ndi mdzukulu pa mphasa imodzi ngati alendo.

Cacisanu, penyani makutu ace. Ana sathamanga liwiro limodzi. Ena afulumira, ena acedwa, ndipo ambiri ocedwawo apeza anzao. Koma mwana akapanda kuceuka pomveka phokoso, akafika miyezi 18 wopanda liu ndi limodzi lomwe, akapitirira zaka 2 ndi theka osamanga mau awiri pamodzi, akataya mau amene anali nao, kapena m'khutu mwace mukaturuka mafinya, kapena akasinthika atadwala malungo akuru kapena nthenda youmitsa khosi, mukani naye kucipatala msanga. Musati ngwaulesi, musati anamlodza, ndipo musadikire caka ca mawa. Ndipo inu anansi, mukaona cotere, nenani mwacifundo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tibwerere tsono pakhonde paja. Pokhala ife cisowere mau, amai ace anamgwira dzanja, namuka naye pamoto, pamene panali mphika wa madzi a nsima. Anabvundukula cibvundikiro, namuonetsa madontho olendewera kunsi kwace, nati, "Taona, moto wakweza madzi, ndipo alikugwanso. Dzuwa litero ndi nyanja ndi madambo. Madzi akwera osaoneka, nagona m'mitambo, nadzagwa tsiku lina." Mwanayo anayang'ana cibvundikiro, nayang'ana kunja, nakhala cete nthawi yaitali, ndipo tinayesa kuti nkhani yatha. Pamenepo anati, "Nanga abvundikira kumwamba ndani?" Pa funso limenelo tinakhala naye pa mphasa kufikira nsima inapsa, ndipo sitinatsiriza.

Atate ndi amai, nyengo iyi nja kanthawi. Posacedwa madiso adzasanduka maso, mafunso adzacepa, ndipo mwanayo adzapeza ena owafunsa, abwino kapena oipa. Lero akali kudza kwa ife, ndi kuyesa kuti tidziwa zonse. Mmera mpoyamba. Tizizwe naye ndithu, pakuti ncozizwitsa. Koma kuzizwa kwathu kusathere pa kuseka ndi kuuza anansi. Pakuturuka muno, akakukokani nsaru kapena mwendo wa buluku, nati, Ici nciani? imani, weramani, mumyang'ane m'maso, ndipo mumuyankhe.